Ma like akuchuluka koma maoda sakubwera, vuto lili pati?

Telala: Moni nonse apagulu. Ndithandizeniko maganizo inu amene mumatsatsa malonda pa masamba a mchezo. Ine ndimasoka madiresi ndi masuti, ndipo ndili ndi tsamba pa Facebook komanso pa Instagram. Ndikaika chithunzi anthu amayamikira ndithu, ena mpaka kulemba kuti "manja anu ndi odala", koma zimathera pomwepo. Wobwera kudzayezetsa palibe. Mchemwali wanga akuti nditsegule blog (tsamba langalanga la pa intaneti lolembapo nkhani), mnzanga wina akuti ndizilipira boost (kulipira kuti positi ionedwe ndi anthu ambiri). Ndisanataye ndalama ndati ndimve kaye kwa inu.

Wokonza Mafoni: Achemwali, za blog ziiwaleni. Ndani akuwerenga nkhani zitalizitali masiku ano? Munthu akatsegula foni akufuna vidiyo yaifupi, aseke, apitirire. Lowani pa TikTok, muzijambula kuyambira podula nsalu mpaka diresi litatha, mudzandiuza.

Mayi wa Saluni: Tisanafike ku TikTok, ndifunseko kaye. Amene akukupatsani ma like aja ndi ndani? Tsegulani muwerenge maina mmodzimmodzi. Mukapeza kuti ndi azakhali anu, anzanu akusukulu ndi matelala anzanu, dziwani kuti akungokulimbikitsani. Amakukondani ndithu, koma sakufuna diresi.

Telala: Kkkk mayi mwalasa. Ndangoona pompano, ambiri ndi abale ndi anzanga akalekale.

Kalipentala: Ndalowa pa tsamba lanu, mayi. Ntchito ndi yabwino, msoko wake ndi waukhondo. Koma ine monga mlendo ndatulukamo osadziwa kuti muli dera liti, mtengo wake ndi wotani, zimatenga masiku angati kuti chovala chithe, ndipo ndikachifuna ndikupezeni bwanji. Pansi pa chithunzi chilichonse mwangoika timitima ndi timaluwa. Munthu amene sakukudziwani sangavutike kufufuza zonsezo, amangotsetsereka kupita kwa wina amene walemba poyera. Ine pa mpando uliwonse ndimalemba mtundu wa thabwa, kukula kwake, mtengo, ndi nambala. Mapositi anga sakongola ngati anuwa, koma foni imalira.

Mayi wa Sopo: Pa mtengo pokha ndikana, bambo. Ukaika poyera, anzako ochita geni yomweyo amaona n'kutsitsa pang'ono, makasitomala onse n'kuthamangira komweko. N'chifukwa chake ambirife timati "mtengo ku inbox". Komanso munthu akabwera ku inbox umatha kumunyengerera.

Kalipentala: Mnzanu wa geniyo akafuna kudziwa mtengo wanu atuma mwana wake akufunseni ku inbox komweko, mumuuza nokha ndi ulemu wonse. Amene mukumubisira ndi kasitomala. Anthu ambiri amachita manyazi kufunsa mtengo poopa kuti akamva n'kulephera aoneka osauka, ndiye safunsa n'komwe. Ena amaganiza kuti mumayang'ana kaye chithunzi cha munthu musanatchule mtengo.

Mayi wa Saluni: Ndipo enadi amatero kkkk.

Telala: Koma zosoka mtengo wake umasiyana, bambo. Zimatengera nsalu, sitayelo, ndi thupi la munthu.

Kalipentala: Lembani kuti "kuyambira pa mwakuti, nsalu yanu". Basi. Munthu adziwe ngati ali pakhomo loyenera.

Wojambula: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ndiwonjezepo mbali imene ambiri sitiidziwa. Kukhala ndi otsatira ambiri pa tsamba sikutanthauza kuti onse amaona zomwe mwaika. Facebook inayamba mu 2004, masamba a bizinesi anabwera mu 2007, ndipo zaka zoyambirira zija ukaika positi imafika kwa anthu ambiri mwaulere. Zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono, ndipo mu Januwale 2018 Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, analengeza yekha kuti anthu aziona kwambiri zochokera kwa abale ndi anzawo, ndipo za mabizinesi ndi makampani zichepa. Choncho positi ya tsamba lanu imayamba yaonetsedwa kwa kagulu kochepa. Kaguluko kakaima n'kulemba ndemanga kapena kutumizira ena, imapita patsogolo. Kakangodutsa, imafera pomwepo. Si ufiti ayi. Kampaniyo ndalama zake imapeza pogulitsa malo otsatsira malonda, ndiye singakupatseni mwaulere chinthu chomwe ikugulitsa.

Wokonza Mafoni: N'chifukwa chake ndikuti TikTok, akulu. Kumene kuja vidiyo imafika kwa anthu oti sakukutsatira n'komwe. Utha kuyamba lero opanda wotsatira ndi mmodzi yemwe, mawa anthu masauzande aona.

Wojambula: Zoona, mng'ono wanga, ndipo ndi mphamvu yakedi ya TikTok imeneyo. Koma masauzandewo ali kuti? Iwe ukukonza mafoni, munthu ayenera kubwera nayo foniyo pamanja. Wina akaonera vidiyo yako ali kutsidya kwa nyanja n'kuseka, wapindulanji? Amene akugulitsa chinthu chotumizika kulikonse, TikTok ingamuthandize kwambiri. Telala amafuna munthu woti abwere adzayezedwe. Anthu ochepa a dera lake amene akudziwa kuti iye alipo amaposa chikhamu cha kutali.

Wokonza Mafoni: Komabe ine ena amabwera n'kunena kuti anandionera pa TikTok.

Wojambula: Ndiye ukuchita bwino, chifukwa ukudziwa komwe akuchokera. Achemwali a Telala, apa ndi pomwe ndikanayambira ine ndikanakhala inu. Gulani kope. Aliyense amene wapereka oda mufunseni kuti munandidziwira kuti, n'kulemba. Ikatha miyezi ingapo kopelo likuuzani zoona zomwe ma like sangakuuzeni. Ambiri amadabwa kupeza kuti makasitomala awo akuchokera pa status ya WhatsApp ndi kwa makasitomala akale, pomwe mphamvu zawo zonse akuthera pa Instagram.

Mayi wa Saluni: Amen. Ine zanga zimayenda ndi status. Ndikamaliza kuluka mutu wabwino ndimajambula, ndimaika, madzulo omwewo wina amalemba kuti "ndikufuna ngati imeneyi Loweruka". Koma pali kachinsinsi. Status imaonedwa ndi okhawo amene inu munasunga nambala yawo, iwonso anasunga yanu. Ndiye kasitomala asatuluke pakhomo musanasungirane manambala. Ndipo imafufutika pakatha maola 24, choncho osaunjika zithunzi makumi awiri tsiku limodzi kenako n'kukhala zii sabata yonse. Zitatu kapena zinayi zabwino zakwana.

Mayi wa Sopo: Ine ndinangotsegula gulu la makasitomala, ndimaikamo aliyense amene wagulako.

Mayi wa Saluni: Mumawafunsa kaye, amayi? Munthu kungodzuka n'kupeza ali m'gulu la anthu osawadziwa, nambala yake ili poyera, zimanyansa. Ena amatuluka mwakachetechete, ena amakuchitani report, ndipo malipoti akachuluka WhatsApp imatha kutseka nambala. Bola broadcast list, mndandanda wa manambala owatumizira uthenga umodzi nthawi imodzi. Imalola anthu 256, aliyense amalandira uthenga payekha ngati mwamulembera iye yekha, ndipo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Apo ayi tsegulani Channel, zinayamba mu 2023 zija, wofuna amalowa yekha ndipo manambala a anthu saoneka.

Mayi wa Sopo: Ambiri sanadandaulepo, koma ndamva.

Admin: Ndikumbutseko abale, pagulu pano sitikutsatsa katundu lero, tikukambirana. Amene mwaika zithunzi za nsapato ndachotsa. Pitirizani.

Wokonza Mafoni: Kkkk wina wamva "kutsatsa malonda" basi wayamba pompo.

Kalipentala: Pa WhatsApp pomwepo, achemwali, ikani ija ya WhatsApp Business ngati simunaike. Ndi yaulere, inatuluka mu 2018. Muli malo olembapo maola ogwira ntchito, muli catalogue momwe mumaika zithunzi ndi mitengo kuti musamatumize chimodzichimodzi kwa aliyense wofunsa, muli mayankho okonzeratu a mafunso obwerezabwereza, ndiponso timalebo tosiyanitsa amene wangofunsa, amene walipirako, ndi amene katundu wake watha. Mwana wanga ndi amene anandiikira, koma tsopano ndimayendetsa ndekha. Mukatero mupange link ya wa.me ndi nambala yanu, muiike pa Facebook ndi pa bio ya Instagram (pamalo podzifotokozera paja), munthu akangodina agwere mu WhatsApp mwanu. Pa Instagram link yolembedwa pansi pa chithunzi sidinika, musavutike nayo.

Telala: Zikomo bambo. Nanga za boost zija? Ndilipire kapena ndisiye?

Wojambula: Boost payokha si yoipa, koma imachita chomwe mwaiuza. Polipira amakufunsani cholinga. Mukasankha kuti anthu achite like ndi kulemba ndemanga, makina a Facebook amakasaka anthu amene chala chawo n'chopepuka, oti amachita like chilichonse, ndipo mudzapezadi ma like ochuluka kuposa pano, maoda osaoneka. Sankhani cholinga cha mauthenga, muchepetse dera likhale lomwe anthu angathe kufika kwa inu, musankhe positi yomwe yaonetsa kale kuti ikukopa anthu popanda kulipira. Yambani ndi ndalama yochepa yomwe itatayika simungalire, kenako muwerenge kuti mauthenga abwera angati, ndipo mwa amenewo apereka oda ndi angati. Koma konzani kaye zomwe anena a Kalipentala zija. Kulipira kuti anthu ambiri aone positi yopanda mtengo, yopanda dera, yopanda nambala, ndi kuwononga chabe.

Mayi wa Sopo: Nanga aja amalemba ku inbox kuti tikugulitseni ma followers?

Wojambula: Athaweni. Ambiri mwa ma followers amenewo ndi maakaunti abodza, sagula sopo, salemba ndemanga. Positi yanu ikaonetsedwa kwa iwo n'kukhala chete, makina amaona ngati ndi yosakoma, ndiye ngakhale anthu enieni aja saionanso. Komanso malamulo a masambawa amaletsa.

Mphunzitsi: Ndakhala ndikungowerenga, koma blog mwaiweruza msanga, ana inu. Ine ndimaphunzitsa ana masamu mwapadera ndipo ndili ndi blog. Kusiyana kwake ndi uku. Pa Facebook ndi pa TikTok munthu sanabwere kudzagula, wabwera kudzacheza, inu mukumudula pakati. Pa Google munthu walemba yekha chomwe chikumuvuta, akusaka yankho. Akapeza nkhani yanu ikumuyankha bwino, wayamba kale kukukhulupirirani musanalankhulane. Chachiwiri, positi ya pa tsamba ikatha masiku awiri yakwiririka, pomwe nkhani ya pa blog imapezekabe chaka chamawa ndi chinacho. Nkhani zomwe zimandibweretsera makolo ndi zakale, zina ndinaziiwala kuti ndinalemba.

Wokonza Mafoni: Koma aphunzitsi, telala alembe chiyani pa blog? Mbiri ya singano?

Mphunzitsi: Alembe mayankho a mafunso amene amafunsidwa tsiku ndi tsiku mpaka kutopa nawo. Diresi lalitali limafuna nsalu ya mamita angati. Munthu angadziyeze bwanji yekha kunyumba ngati ali kutali. Suti imachapidwa bwanji kuti isakwinyike kolala. Oda ya zovala za gulu iperekedwe kutatsala nthawi yaitali bwanji. Nsalu iti imasuluka, iti imafupika ikachapidwa koyamba. Zimenezi mayiwa amazidziwa pamtima, ife sitizidziwa. Funso limodzi, nkhani imodzi, mutu wake ukhale funso lomwelo m'mawu amene makasitomala amafunsira, osati chizungu cha m'buku. Ndipo ngakhale Google itachedwa kukupezani, nkhaniyo yagwira kale ntchito, chifukwa wina akafunsa pa WhatsApp mumangomutumizira link m'malo molemba zomwezo kachikhumi.

Telala: Funso la mamita ndiye limandipeza tsiku lililonse, aphunzitsi. Koma kutsegula blog sikufuna ndalama zambiri?

Mphunzitsi: Kuyamba n'kwaulere. Blogger, malo otsegulirapo blog, ilipo kuyambira 1999, ndi ya Google tsopano chigulireni mu 2003. WordPress, inanso yotsegulirapo blog, inayamba mu 2003 ndipo mawebusayiti oposa 40 pa 100 alionse pa intaneti amayendera imeneyi, ilinso ndi mbali yaulere. Cholipira ndi dzina lanulanu la webusayiti, chaka ndi chaka, ndipo mutha kudikira nalo. Mtengo weniweni wa blog ndi nthawi ndi kupirira. Musayembekezere kanthu mwezi woyamba, ngakhale wachitatu. Mukalemba nkhani zingapo mulembetse ku Google Search Console, ndi yaulere, imakuonetsani mawu amene anthu analemba pofufuza mpaka kugwera pa blog yanu. Mawu amenewo ndi amene amakuuzani nkhani yotsatira.

Wokonza Mafoni: Ndikutsutsanibe pang'ono, aphunzitsi, mwaulemu. Kuyambira 2024 Google inayamba kuika yankho la AI, lolembedwa ndi kompyuta yokha, pamwamba penipeni. Munthu akafunsa za mamita a nsalu, yankho alipeza pomwepo, sadinanso blog ya munthu. Ena safunsanso Google n'komwe, amafunsa ChatGPT kapena kusaka pa TikTok ndi pa YouTube.

Mphunzitsi: Apo wanena zoona, mwana wanga, ndipo sindikana kuti mafunso apafupi AI yawalanda. Chomwe singalande ndi zomwe munthu waona ndi maso ake pa ntchito yake. Zithunzi za diresi lomwe wasoka yekha, chifukwa chomwe anakanira nsalu ina kasitomala ataibweretsa, mmene anakonzera suti yomwe inalakwika kwina. Wolemba zongotola pa intaneti ndiye watha ntchito. Komanso sindikunena kuti mayiwa asiye makina azikhalira kulemba. Nkhani imodzi pa mwezi yolembedwa bwino ndi yokwanira kwa munthu amene manja ake ali pa ntchito.

Wojambula: Ine ndiima pakati. Kwa telala blog si yoyamba, ndi yachitatu kapena yachinayi. Koma pali chifukwa china chokhalira ndi malo akoako chomwe sitinachitchule. Kuika bizinesi yonse pa tsamba la mchezo kuli ngati kumanga nyumba pa malo a eni, tsiku lililonse mwini malo atha kusintha maganizo. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima limodzi pafupifupi maola 6 dziko lonse lapansi, chifukwa zonsezi mwini wake ndi mmodzi: anagula Instagram mu 2012, WhatsApp mu 2014. Amene ankaganiza kuti ali pa masamba atatu anazindikira tsiku limenelo kuti ali pamodzi. Vine, tsamba la mavidiyo aafupi, inatsekedwa mu 2017 anthu ali ndi otsatira mamiliyoni. Google+, tsamba la mchezo la Google, inatsekedwa mu 2019. Ku India boma linaletsa TikTok mu Juni 2020, ndipo amene malonda awo onse anali kumeneko anayambiranso pansi. Otsatira si anu, simungawanyamule kupita nawo kwina. Manambala ndi ma email a makasitomala amene anakupatsani okha mwakufuna kwawo, amenewo ndi anu. Alembeni m'kope lija, osangodalira foni.

Wokonza Mafoni: Apa pokha ndivomera, akulu. Anthu amabwera kwa ine foni itafa, akulira manambala osati foniyo.

Mayi wa Saluni: Ndiwonjezepo za zithunzi, poti ife a saluni ndi matelala timajambula anthu. Pemphani kaye musanaike nkhope ya kasitomala. Ena safuna kuti adziwike komwe amasoketsa, ena chovalacho ndi cha mwambo womwe sunachitike, mukachionetsa msanga mwawalanda chisangalalo. Akakana, jambulani chovala chili pa chidole kapena mudule mutu pa chithunzi. Ana ndiye osayerekeza popanda kholo kuvomera. Ndipo chonde osatenga zithunzi za pa Pinterest n'kumati ndasoka ndine. Kasitomala adzabwera nacho chithunzicho, mudzatuluka thukuta.

Telala: Zanga ndi zanga ndithu mayi kkkk, kungoti ndimajambula usiku ndikamaliza, ndiye zimaoneka zakuda.

Wojambula: Dikirani kuche. Imikani chovala pafupi ndi windo kapena pamthunzi panja, kuwala kuzichokera kumbuyo kwa inu wojambula, kumbuyo kwa chovala kukhale khoma lopanda zinthu. Pukutani galasi la kamera, ambiri zithunzi zimachita chifunga chifukwa cha mafuta a zala basi. Osaika filter yosintha mtundu wa nsalu, mudzakangana ndi kasitomala. Foni yomwe muli nayo ikwana.

Kalipentala: Ndipo muziyankha msanga. Wofunsa mtengo wafunsanso anthu ena awiri nthawi yomweyo. Mukayankha mawa, mupeza wapereka kale dipoziti kwina. Ndemanga yoipa ikabwera poyera musaifufute ndi mkwiyo kapena kutukwanizana naye. Yankhani mofatsa kamodzi, mumuitanire ku inbox. Anthu ena akuwerenga kuti aone mmene mumachitira zinthu zikalakwika.

Admin: Poti nkhani yafika pa ma inbox, ndichenjeze. Masamba a bizinesi akubedwa kwambiri. Mukalandira uthenga woti tsamba lanu litsekedwa chifukwa mwaphwanya malamulo, dinani apa kuti mudandaule, musadine. Ndi akathyali, akufuna password. Wina akakuimbirani kuti ndatumiza code ya manambala 6 pa foni yanu molakwitsa, ndiwerengereni, ameneyo akulanda WhatsApp yanu. Yatsani two-step verification, loko wachiwiri wotetezera akaunti, pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa Instagram lero lomwe. Tsamba la Facebook limayendetsedwa kudzera pa akaunti yanu, ndiye akaunti ikapita tsamba limapita nayo, pokhapokha pali munthu wina wodalirika amene munamupatsa ulamuliro.

Mayi wa Sopo: Komanso ma screenshot abodza oti ndalipira. Katundu asachoke musanaone ndalama mu akaunti mwanu ndi maso anu.

Mphunzitsi: Chimodzi chomwe tonse taiwala, ndipo kwa telala chingapose blog yanga ija: Google Business Profile, yomwe kale inkatchedwa Google My Business. Ndi yaulere. Munthu akalemba pa Google kapena pa Google Maps kuti akufuna telala pafupi, amene amatuluka ndi olembetsa kumeneko, ndi nambala, maola, zithunzi ndi ndemanga za makasitomala. Ameneyo ndi munthu woti nsalu ili kale m'chikwama. Mukamaliza ntchito kasitomala n'kukondwa, mupempheni alembepo ndemanga. Osagula ndemanga, osalemba nokha ndi akaunti ya mlamu wanu.

Telala: Koma ine ndimasokera kunyumba, aphunzitsi. Sindikufuna aliyense adziwe khomo langa pa mapu.

Mphunzitsi: Ngati mumapita kwa makasitomala kukawayeza kapena kukapereka zovala, pali mwayi wolembetsa ngati bizinesi yotumikira dera. Adiresi mumaipereka kwa Google kuti akutsimikizeni, koma mumaibisa kwa anthu, iwo amangoona dera lomwe mumafikako. Potsimikiza nthawi zina amapempha vidiyo yoonetsa malo ogwirira ntchito ndi zipangizo, ndiye makina ndi nsalu zikhale pafupi.

Mayi wa Saluni: Aphunzitsi, nanga ine amene ndinasamuka malo, ndilembetse kachiwiri?

Mphunzitsi: Ayi mayi, sinthani adiresi pa yomwe ilipoyo. Mukatsegula ina, ndemanga zanu zakale zitsalira ku yakaleyo, ndipo anthu azisokonezeka kuti saluni yeniyeni ndi iti. Mwina adzakupemphani kutsimikizanso, koma ndi zomwezo za vidiyo.

Wokonza Mafoni: Vidiyo imeneyo mukajambula muiikenso pa TikTok kkkk.

Admin: Iwe ndi TikTok yako. Amene mwafunsa ku inbox za kutumiza katundu kutali, tsegulani funso lake palokha, pano lisokoneza.